Kuyeza Infrared ya Dzuwa Tili Pansi Pano: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a mu Lusaka

Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera kuchokera kwa aphunzitsi a sayansi, ana a sekondale, amisiri oika masola, ndi ena amene amangofuna kudziwa. Utali wa mafunde a kuwala ndaulemba mu nanomita. Nanomita 1,000 ndi maikulomita imodzi, ndipo maikulomita 1,000 ndiyo milimita imodzi ya pa rula.

Kodi infrared ndi chiyani? Si kutentha kwa dzuwa komweku?

Ndi kuwala ndithu, kungoti mafunde ake ndi aatali moti diso la munthu silikuzindikira. Diso limaona kuyambira cha pa nanomita 400, pomwe pali mtundu wa pepo, kukafika cha pa 700, pomwe pali kufiira. Kupitirira pamenepo diso limati kwada, chikhalirecho kuwala kukadalipo, ndipo kumapitirira mpaka mafunde ake atafika milimita imodzi. Chigawo chonsecho ndiye infrared.

Anthu amati ndi kutentha chifukwa khungu ndi lomwe limakumva. Mbaula yoti makala akutidwa ndi phulusa sionetsa moto, koma mukaika dzanja chapambali pake mumamva kuti pali chimene chikukufikani. Tisasokoneze komabe: kuwala kooneka nako kumatenthetsa chinthu chimene chakumeza. Pamwamba pa dzuwa pamatentha pafupifupi madigiri 5,500, ndipo mwa mphamvu zonse zomwe limatumiza, pafupifupi theka ndi infrared. Yambiri ili kufupi ndi kufiira. Kupitirira nanomita 4,000 kumatsala pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100.

Poti sikuoneka, anakutulukira bwanji?

Anakutulukira ndi William Herschel, katswiri wa nyenyezi wa ku England, mu 1800. Anadutsitsa dzuwa pa kagalasi ka ngodya zitatu kotchedwa prism, kuwala n'kuyalika patebulo m'mitundu ya utawaleza, iye n'kumaika themomita pa mtundu uliwonse kuti aone wotentha kwambiri. Kuchoka ku pepo kulowera ku kufiira, themomita inkangokwera. Ataisunthira kunja kwa kufiira, pamalo pooneka ngati palibe kanthu, inakwera kuposa pena paliponse. Pambali anali ataika mathemomita ena osawombedwa ndi kuwalako, kuti wina asadzanene kuti n'chipinda chomwe chinangofunda.

Themomita ndi chida chogontha, sichimva zing'onozing'ono. Cha m'ma 1880 Samuel Langley wa ku America anapanga bolometer, kachingwe kopyapyala ka platinum kodetsedwa, komwe kakangofunda pang'ono magetsi odutsamo amasintha. Mu 1881 anasenza zida zake kukwera nazo phiri la Whitney ku California pothawa chinyezi cha kumunsi. Anazindikiranso kuti galasi wamba limatsekereza infrared ya mafunde aatali, choncho anayamba kugwiritsa ntchito prism yosemedwa kuchokera ku mwala wa mchere. Mapu oyamba odalirika a infrared ya dzuwa anachokera kwa iyeyu, ndipo maenje akuluakulu amene anawapeza m'mapuwo, malo omwe kuwala kumachepa chifukwa mpweya wakumeza, ndi omwe tikukambirana patsamba lino.

Tingabwereze za Herschel kusukulu kwathu?

Kwabasi, dzuwa la mu Lusaka silichita kupempha. Mufunika prism ya galasi ya mu labu, katoni, pepala loyera ndi mathemomita atatu. Kumutu kwa themomita iliyonse pakani utoto wakuda kuti imeze kuwala m'malo mokubweza. Dulani kampata m'mphepete mwa katoni, mukhazikepo prism, muipotoze pang'onopang'ono mpaka utawaleza utambasuke papepala mkati mwa katonimo, pamthunzi. Themomita imodzi ikhale pa buluu, ina pa chikasu, yachitatu kunja kwa kufiira pang'ono chabe. Muwerenge zonse zisanalowe m'kuwala, kenako muziwerenga mphindi iliyonse kwa mphindi 5 kapena 10. Dzuwa limayenda, ndiye mwana mmodzi ntchito yake ikhale yosuntha katoni. Mphepo ya mu Julayi ndi Ogasiti imaziziritsa mathemomita, bisalani kuseri kwa khoma.

Koma aphunzitsi, chonde musauze ana kuti mwatsimikiza zoti dzuwa limawala kwambiri pa infrared kuposa pa mtundu wina uliwonse. Prism ya galasi imatambasula mbali ya buluu, koma mbali ya kufiira ndi kupitirira imaipanikiza pamalo ochepa, choncho themomita ya kumeneko imalandira mafunde ambiri nthawi imodzi. Mukayeza nanomita ndi nanomita, nsonga ya dzuwa ili cha pa 500, pakati pa buluu ndi kubiriwira.

Nanga sipekitiramu ya infrared, kuyalika kwake motsatira utali wa mafunde, imaoneka bwanji, poti mitundu mulibe?

Imakhala galafu: pansi utali wa mafunde, m'mbali mphamvu ya kuwala. Mzere wake umatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka ku kufiira kulowera kutali, koma ndi wa maenje okhaokha. Dzenje loyamba looneka bwino lili pa 760, lopapatiza koma lozama, ndipo ndi la okosijeni. Nthunzi ya madzi ili ndi tating'ono pa 720 ndi 820, aakulu pa 940 ndi 1,130, kenako pa 1,380 ndi 1,870 mzere umagwa mpaka pansi, kuwala kofika kwa ife kumakhala ngati palibe. Mpweya wa carbon dioxide umaluma cha pa 1,600 ndi 2,000, umathandizana ndi nthunzi pa 2,700, ndipo pa 4,300 umatseka kotheratu. Kutali uko, ozone ili pa 9,600 ndipo carbon dioxide yabweranso pa 15,000.

Pakati pa maenjewa pali mawindo, momwe kuwala kumadutsa bwino: cha pa 1,250, pa 1,650, pa 2,200, pakati pa 3,500 ndi 4,000, ndi windo lalikulu la 8,000 mpaka 13,000. Chida chikakhala chakuthwa, dzenje lililonse limamasuka n'kukhala timizere tambirimbiri toyandikana, ndipo m'mawindo momwemo mumapezekanso timizere tina masauzande.

Timizere timeneti ndi ta dzuwa kapena ta mpweya wathu? Mumasiyanitsa bwanji?

Funso lenileni ndi limeneli. Munthu woyeza ali pansi salandira kuwala kwa dzuwa lokha. Amalandira kuwala komwe kwalumidwa kawiri: koyamba ndi mpweya wotentha wa padzuwa pomwepo, momwe muli chitsulo, silicon, magnesium, haidrojeni ndi zina, kachiwiri ndi mpweya wozungulira dziko lathu. Joseph von Fraunhofer analemba timizere takuda ta m'kuwala kooneka kuyambira mu 1814, ndipo cha mu 1859 Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen anasonyeza kuti chinthu chilichonse chimameza kuwala pamalo akeake. Mu infrared, maenje onse akuluakulu ndi athu a pansi pano. A padzuwa ndi timizere topyapyala tobisala pakati pawo.

Njira yosavuta ndi kuyeza kawiri, dzuwa lili pamutu ndi dzuwa litapendeka. Likakhala pamutu penipeni, kuwala kumadutsa mpweya mulingo umodzi. Likatsika kufika madigiri 30 kuchokera pansi, njira imatalika kawiri. Likamatuluka kapena kulowa, imatalika pafupifupi ka 38. Timizere ta mpweya wathu timazama dzuwa likamatsika, pomwe ta padzuwa sitisintha. Mulingo wa mpweyawu mungaupeze ndi ndodo: imikani ndodo chilili, yezani kuchokera kunsonga kwake kukafika pomwe chithunzithunzi chake chathera, mugawe ndi kutalika kwa ndodoyo. Yankho ndiye mulingo wanu, malinga dzuwa lisakhale pansi kwambiri.

Njira yachiwiri ndi ya zida zapamwamba. Dzuwa limazungulira, ndipo chapakati pake m'mphepete mwina mumabwera kwa ife pa liwiro la pafupifupi makilomita 2 pa sekondi, mwina n'kumathawa pa liwiro lomwelo. Mukaloza chida m'mphepete mwa kum'mawa kenako mwa kumadzulo, timizere ta padzuwa timasuntha pang'ono, ta mpweya wathu timangokhala pomwepo.

Yachitatu ndi nyengo. Mzere womwe ukuzama mu Januwale n'kupepuka mu Julayi ndi wa nthunzi ya madzi, osachita kufunsa.

Ngati mpweya ukusokoneza chonchi, bwanji osangosiyira masetilaiti?

Pa za dzuwa lenilenilo, zina amasiyiradi a kumwamba. Chida cha ATMOS chinakwera kumlengalenga mu 1985 n'kujambula sipekitiramu ya dzuwa yopanda maenje athuwa. Koma telesikopu yaikulu imakhalabe pansi, chifukwa kukweza galasi lalikulu n'kodula ndipo likawonongeka simungatume mmisiri.

Chifukwa chachikulu komabe ndi china. Chimene katswiri wa dzuwa amati ndi chosokoneza, kwa wofuna kudziwa za mpweya ndiye chuma. Dzuwa ndi nyale yamphamvu yoyaka mosasinthasintha kuseri kwa mpweya wonse, ndipo kuzama kwa dzenje lililonse kumanena kuchuluka kwa mpweya womwe walikumba, kuchokera pomwe mwaima mpaka kumwamba. Mu 1948 Marcel Migeotte wa ku Belgium anazindikira kuti mumpweya wathu muli methane poona timizere take m'kuwala kwa dzuwa cha pa 3,300, ndipo chaka chotsatira anapeza carbon monoxide mwa njira yomweyo. Anzake a ku yunivesite ya Liège akhala akuyeza pa Jungfraujoch ku Switzerland, pamtunda wa mamita oposa 3,500, kuyambira m'ma 1950.

Lero kuli gulu la malo oyezera lotchedwa TCCON, lomwe linayamba mu 2004 ku Park Falls ku America. Amayeza carbon dioxide cha pa 1,600, methane cha pa 1,650 ndi carbon monoxide cha pa 2,300, n'kumagawa ndi okosijeni wa pa 1,270, popeza kuchuluka kwa okosijeni mumpweya n'kodziwika kale. Masetilaiti monga GOSAT ya Japan ya mu 2009 ndi OCO-2 ya NASA ya mu 2014 amayesedwa ndi manambala a pansi amenewa kuti aone ngati sakunama. Carbon dioxide inali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni mafakitale asanachuluke, pano yadutsa 420, ndipo kusiyana kwa dera ndi dera kumakhala magawo ochepa chabe, ndiye chida cholakwa pang'ono chasokoneza zonse. Malo oyezera otere ambiri ali ku Europe, North America, kum'mawa kwa Asia ndi Australia. Kuno kwathu ndi owerengeka: oyandikira ndi a pa zilumba monga Réunion, ndi kachida konyamulika komwe kanaikidwa ku Gobabeb m'chipululu cha Namibia. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe dziko ngati Zambia lingathandizepo zenizeni, osati popikisana ndi eni matelesikopu akuluakulu.

Kodi Lusaka ndi malo abwino oyezera?

Ndi abwino kwa miyezi ina, oipa kwa ina. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo popeza nthunzi yambiri imakhala m'makilomita awiri kapena atatu a pansi, tayamba kale ndi mwayi kuposa wa ku Beira kapena Dar es Salaam. Tili pa madigiri 15 kumwera kwa equator, choncho dzuwa silitsika kwambiri masana. Limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo ngakhale mu Juni, litapendekera kumpoto, masana limafika madigiri pafupifupi 51.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, mitambo ndi chinyezi. Ngakhale kutacha bwino, maenje a nthunzi amakhala otambalala n'kudya m'mphepete mwa mawindo. Kumapeto kwa Meyi, Juni ndi Julayi ndiye nthawi yathu: mpweya wouma, kumwamba kwa buluu weniweni, kupatula masiku aja ozizira a mitambo yotuwa yochokera kum'mawa. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kumaumabe, koma utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadzaza kumwamba.

Mu mzinda momwemo malo amasiyana. Pafupi ndi Soweto Market kapena m'makomboni odzaza anthu, m'mawa wa mu Juni utsi wa mbaula ndi wa magalimoto umagona pansi mpaka dzuwa litakwera. Cha ku Chongwe kapena kulowera njira ya Leopards Hill kumakhala koyera. Koma ngati chomwe mukufuna ndi mpweya wa mu mzinda womwewo, musathawe, khalani momwemo.

Kuti tifanane ndi mapiri a akatswiri, ayi. Telesikopu ya dzuwa ya Daniel K. Inouye, ya galasi la mamita 4, ili pa Haleakalā ku Hawaii pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000. Kuno msinkhu umenewo ndi wa Sapitwa pa Mulanje ku Malawi.

Nthawi yabwino patsiku ndi iti?

M'mawa, kuyambira dzuwa litakwera pang'ono mpaka cha m'ma 11. Madzulo nthaka yatentha, mpweya ukuwinduka, fumbi lakwera. Mu Juni dzuwa limafika madigiri 30 cha m'ma 9 koloko, ndiye amene wayeza nthawi imeneyo n'kuyezanso masana ali ndi milingo iwiri yofananitsa.

Utsi wa mu Seputembala umaononga zonse?

Suononga mofanana paliponse. Tizidutswa ta utsi ndi tating'ono kwambiri, timamwaza buluu kuposa kufiira, ndipo infrared ya pa 1,020 kapena 1,640 imadutsa osavutika kwenikweni. N'chifukwa chake dzuwa la madzulo mu Seputembala limasanduka mpira wofiira likadali m'mwamba. Fumbi ndi lokulirapo, limaphimba mafunde onse pafupifupi mofanana. Choncho mukafananitsa kuchepa kwa kuwala pa buluu ndi pa infrared mumadziwa ngati kumwambako kuli utsi kapena fumbi.

Zimenezi zakhala zikuchitika m'dziko muno. Ku Mongu, makilomita pafupifupi 600 kumadzulo kwa Lusaka, kunaikidwa chida cha gulu la AERONET la NASA m'zaka za m'ma 1990, ndipo malowa anali amodzi mwa ofunika pa kafukufuku wa SAFARI 2000 wokhudza utsi wa kumwera kwa Africa. Chidacho chimadzilozera chokha kudzuwa n'kumayeza pa mafunde angapo osankhidwa, kuphatikizapo 870, 940 ndi 1,020. Wa pa 940 ndiye wa nthunzi, enawo ndi ofananitsira. Manambala ake ali pa intaneti kwaulere.

Kamera ya foni yanga ingaone infrared?

Pang'ono. Sensa ya kamera ndi ya silicon, ndipo silicon imamva mpaka cha pa 1,100, koma opanga amaika kagalasi kotsekereza infrared kuti zithunzi zisatuwe. Lozani rimoti ya TV ku kamera n'kudina batani. Ngati mukuona kakuwala kotuwirako kakuphethira, ndiye kuti pang'ono pakudutsa. Marimoti ambiri amawala pa 940. Kamera ya kutsogolo nthawi zambiri imaonetsa bwino kuposa ya kumbuyo. Foni yanu musaiphwasule, pezani webcam yakale.

Ndingapange chida changa ndi zinthu zopezeka mu tauni?

Mungathe, malinga muvomereze kuti mudzathera cha pa 1,000. Tengani webcam yotchipa, mumasule lenzi, kumbuyo kwake mupeza kagalasi kakang'ono konyezimira mofiirira kapena mobiriwira. Kachotseni mosamala. Pezani bokosi kapena paipi ya pulasitiki, mupake utoto wakuda wosanyezimira mkati. Kumapeto kwina ikani malezala awiri moyang'anizana, kusiya kampata kopyapyala ngati tsitsi. Kumapeto kwinako, patsogolo pa kamera, ikani chidutswa cha CD chomwe mwasenda chikopa chake cha pamwamba ndi selotepi, kamera ikhale yopendekera pambali pomwe utawaleza ukugwera.

Gwiritsani ntchito CD, osati DVD. Timizere ta pa CD tatalikirana nanomita 1,600, ta pa DVD 740 zokha, ndipo mafunde aatali kuposa mpatawo DVD siwatulutsa kuwala kukaigwera molunjika.

Msampha womwe ambiri amagweramo ndi uwu: CD imapanga utawaleza wachiwiri kuseri kwa woyamba, ndipo buluu wa pa 470 wa utawaleza wachiwiri amagwera ndendende pomwe pali 940 wa woyamba. Munthu amasangalala kuti waona infrared, pomwe akuona buluu. Ikani sefa yofiira kwambiri pakampata. Mchira wakuda wa filimu yakale ya zithunzi za mitundu, yotsukidwa kale, umagwira bwino ntchito imeneyi, chifukwa umatseka kuwala kooneka n'kulola infrared.

Musaloze chidacho kudzuwa. Lozani pa pepala loyera lomwe dzuwa likuwomba. Zimitsani zoti kamera izidzisinthira yokha kuwala, apo ayi zithunzi za m'mawa ndi za masana sizingafananitsidwe. Kuti mudziwe manambala, jambulani babu ya energy saver musanaike sefa, mupeza mizere yowala ya mercury pa 436 ndi 546, kenako jambulani rimoti kuti mupeze 940. Dzenje la okosijeni la pa 760 ndi lomwe mudzayambe kuliona, lakuda bii. La nthunzi la pa 940 ndi lotambalala ndipo lili pomwe sensa yayamba kufooka, choncho limaoneka bwino mukagawa galafu ya m'mawa ndi ya masana.

Palinso njira yotchipa kuposa apa. Forrest Mims wa ku America anasonyeza kuti LED, kupatula kuwala, imathanso kumva kuwala, pa mafunde ofupikirapo pang'ono kuposa omwe imatulutsa. Ma LED awiri a infrared, imodzi yomva mkati mwa dzenje la nthunzi, ina yomva kunja kwake, mutaziika m'timapaipi topapatiza n'kulumikiza ku mita yoyezera magetsi (multimeter), zikupatsani nambala yokwera ndi kutsika ndi chinyezi cha kumwamba.

Nanga themomita ya mfuti ija ya nthawi ya Covid, kapena kamera yoona kutentha?

Zimenezo zimamva pakati pa 8,000 ndi 14,000, ndipo zimaphatikiza zonse n'kupereka nambala imodzi. Sipekitiramu sizipereka. Musaziloze kudzuwa, sensa imapsa. Koma themomita ya mfuti ya amisiri, yotha kuwerenga pansi pa ziro, ili ndi ntchito yokoma: ilozeni kumwamba kopanda mitambo, kutali ndi dzuwa. Mu Julayi iwerenga kuzizira koopsa, pansi pa ziro kwambiri, chifukwa ikusuzumira pa windo lotseguka. Mu Disembala nambala ikwera, poti nthunzi yachuluka ndipo nayo ikutulutsa infrared yake. Ya pachipumi ija ingolemba kuti Lo.

Kodi n'zoopsa m'maso?

Zoopsa kwambiri, ndipo pano sindiseka. Infrared ya mpaka cha pa 1,400 imalowa m'diso kukafika pa kansalu ka kumbuyo komwe timaonera, ndipo kansaluko sikamva kupweteka, ndiye munthu amapsa osadziwa. Magalasi akuda ogula pamsewu, galasi lofukizidwa ndi kandulo, CD, chithunzi cha X-ray ndi filimu ija ndaitchula pamwambapa, zonsezi zimachepetsa kuthobwa m'maso, mwana wa diso n'kutseguka, pomwe infrared ikulowa mwaufulu. Zovomerezeka ndi magalasi a kadamsana a muyezo wa ISO 12312-2, kapena galasi la owotcherera zitsulo la nambala 14. Pa telesikopu kapena mabainokula, sefa yake yapadera imaikidwa kutsogolo, osati kumene mumaika diso. Dzuwa lofiira la mu Seputembala limanyenga chifukwa silithobwa. Ana auzidwe.

Akatswiri a dzuwa amapezamo chiyani mu infrared chomwe kuwala kooneka sikuonetsa?

Choyamba ndi kuya. Chomwe chimatiletsa kuona mkati mwa dzuwa makamaka ndi haidrojeni yomwe yatola elekitironi yachiwiri, monga anafotokozera Rupert Wildt mu 1939. Haidrojeni yotereyi imameza kuwala pang'ono kwambiri cha pa 1,600, ndiye pamenepo timaona mozama kuposa pena paliponse. Mwamwayi, malowa akugwera pa windo la mpweya wathu.

Chachiwiri ndi maginito. Mzere ukabadwira m'dera la mphamvu ya maginito umagawanika, monga anapezera Pieter Zeeman mu 1896, ndipo George Ellery Hale anagwiritsa ntchito zimenezi mu 1908 posonyeza kuti mawanga akuda a padzuwa ndi a maginito. Kugawanikako kumakula mafunde akamatalika, choncho mzere wa chitsulo wa pa 1,565 umaonetsa maginito ofooka omwe m'kuwala kooneka sangadziwike. Mzere wa helium wa pa 1,083 umaonetsa za m'mwamba mwa mpweya wa dzuwa, komwe kumayambira zophulika zosokoneza mawailesi ndi GPS.

Chachitatu chimadabwitsa ambiri: padzuwa pali madzi. Osati a m'chitsime, koma nthunzi yotentha. Mkati mwa mawanga akuda mumazizirirako, madigiri 3,000 ndi kuposerapo pang'ono, moti haidrojeni ndi okosijeni zimatha kugwirana. Zinalengezedwa mu 1995 kuchokera ku zoyeza za telesikopu ya McMath-Pierce ya pa Kitt Peak ku Arizona. Vuto linali kusiyanitsa madzi a padzuwa ndi a mumpweya wa Arizona, ndipo chinathandiza n'chakuti nthunzi yotentha chotero ili ndi timizere tomwe nthunzi yozizira ilibe.

Amene munali mu Lusaka pa 21 Juni 2001 munaona kadamsana wathunthu kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, ndi nkhata yoyera ija yozungulira mwezi. Nkhata imeneyo, korona, imatentha madigiri oposa miliyoni, ndipo ili ndi mzere wowala pa 1,075 wochokera ku chitsulo chomwe chataya ma elekitironi 12. Bernard Lyot wa ku France anauona m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero ndi womwe telesikopu ya ku Hawaii ija ikugwiritsa ntchito poyeza maginito a m'korona.

Zida zawo zimasiyana bwanji ndi CD yathu?

Za oyeza mpweya, monga a TCCON, zambiri sizigwiritsa ntchito prism. Zimagawa kuwala pawiri, mbali imodzi n'kukagunda kalilole woyenda, ziwirizo n'kukumananso. Kompyuta imatenga kuphethira kwa kuwala kokumanako n'kukusandutsa sipekitiramu ndi masamu a Fourier. Kalilole akayenda mtunda wautali, timizere timaoneka mopatukana bwino. Sensa yake ndi ya InGaAs (indium, gallium ndi arsenic) mpaka cha pa 1,700 kapena 2,500, ndipo kupitirira apo pamafunika ina yoziziritsidwa ndi nayitrojeni wamadzi wa madigiri 196 pansi pa ziro, chifukwa chida chofunda chimadziwalira chokha mu infrared. Padenga pamakhala akalilole awiri otsatira dzuwa tsiku lonse. Kuno mdani wake wamkulu angakhale fumbi ndi kuzimazima kwa magetsi.

Ine ndimaika masola. Zikundikhudza pati?

Tembenuzani panelo muwerenge kapepala ka kumbuyo. Mupeza 1,000 W/m², 25 °C ndi AM 1.5. AM ameneyo ndi mulingo wa mpweya uja tinayeza ndi ndodo, ndipo sipekitiramu yoyesera mapanelo ili ndi maenje onse a nthunzi ndi okosijeni. Silicon imasandutsa magetsi kuwala kofika cha pa 1,100 basi. Kopitirira apo sikupereka magetsi, ndipo kwina kumangotenthetsa panelo. Panelo ikatentha kupitirira madigiri 25 imataya pakati pa 0.3 ndi 0.5 peresenti ya mphamvu yake pa digiri iliyonse. Ndiye kasitomala akamadandaula kuti mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mphamvu sizikufika pomwe amayembekezera, muonetseni kutentha kwa malata, utsi wa kumwamba ndi fumbi la pagalasi. Siyani mpata pakati pa panelo ndi denga kuti mphepo izidutsa. Malamulo ake ndi omwewa, kaya ndi kapanelo ka pa nyumba ku Mtendere kaya ndi minda ya masola ya Bangweulu ndi Ngonye kumwera kwa mzinda.

Mwana wanga akufuna kupita nazo ku mpikisano wa sayansi wa ana a sukulu wa JETS. Ayambire pati?

Asathamangire kupanga chida chovuta. Asankhe funso limodzi loti chida chotchipa chingayankhe, monga lakuti: nthunzi ya pamwamba pa Lusaka imasintha bwanji kuchokera mu Juni kufika mu Disembala? Ma LED awiri, mita ya magetsi, ndodo ndi kope zakwana. Aziyeza nthawi yomwe chithunzithunzi cha ndodo chafika utali womwewo, osati nthawi yomweyo ya pa wotchi, kuti mulingo wa mpweya ukhale umodzi chaka chonse. Tsiku lililonse alembe deti, nthawi, manambala onse awiri, ndi momwe kumwamba kukuonekera, kaya kuli utsi, kaya timitambo topyapyala tija ta m'mwamba kwambiri, chifukwa timeneto timasokoneza ngakhale diso likuti kwayera. Tsiku la mitambo alembe kuti sanayeze, asapeke nambala. Pamapeto afananitse ndi za ku Mongu za pa intaneti ndi za chinyezi za a Zambia Meteorological Department, ndipo ngati mphunzitsi wake angamufikitse kwa a fizikisi a pa yunivesite ya UNZA kuti aone galafu yake, ndi bwino.

Ma LED azipukuta ndi kansalu kofewa asanayambe, ndipo asasinthe LED kapena mita pakati pa chaka. Ikafa imodzi n'kugula ina, alembe tsikulo m'kope ndi inki yofiira, chifukwa manambala a pambuyo pake sadzagwirizana ndi a m'mbuyo.